Lolani obwera amange nyumba zopempherera monga kwawo

Pa 29 Novembala 2009 anthu a ku Switzerland anaponya voti pa riferendamu, ndipo ovota 57.5 pa 100 alionse anavomereza kuti m'malamulo oyendetsera dziko lawo mulowe ndime yoletsa kumanga nsanja za mizikiti. Panthawiyo m'dziko lonselo munali nsanja zinayi zokha, ku Zürich, Geneva, Winterthur ndi Wangen bei Olten, ndipo panalibe ngakhale imodzi imene mwazini, woitana wa pamzikiti, ankaitanirapo anthu ku swala. Boma, nyumba ya malamulo, mabishopu a Katolika ndi mipingo ya Chipulotesitanti anapempha anthu kuti akane, koma zigawo 22 mwa 26 zinavomera. Lamulolo lidakalipo, ndipo mkangano womwewo umabuka m'mizinda yambiri nthawi zonse pamene Asilamu, Ahindu, Asikhi kapena Akhristu ochokera kwina apereka pulani ku khonsolo. Ine ndikuti obwera aloledwe kumanga nyumba zopempherera zooneka ngati za kwawo, poyera, pamsewu waukulu. Khonsolo iziwayesa ndi muyeso womwewo umene imayesera tchalitchi, holo kapena sitolo: kutalika kwa nyumba, makomo othawira moto, phokoso, ngalande ndi poimika galimoto. Kuletsa maonekedwe a chipembedzo chimodzi n'kulakwa, ndipo sikuthetsa ngakhale limodzi mwa mavuto amene odandaula amatchula.

Tisanamve otsutsa, tiyambe taona mmene nyumba zoterezi zimabwerera, poti palibe gulu la obwera limene limayamba ndi nsanja. Amayamba kupempherera pabalaza pa mnzawo. Akachuluka amachita lendi holo ya sukulu, kenako amasonkha ndalama n'kugula nyumba yakale, kawirikawiri fakitale yotsekedwa, sitolo kapena tchalitchi chimene eni ake anachisiya. Kumanga yawoyawo kumabwera pamapeto, ana obadwira komweko atakula kale. Ahindu a gulu la Swaminarayan ku London anadutsa njira yomweyi. Ambiri mwa iwo ndi Amwenye a ku Gujarat amene anafika ku Britain kudzera kuno ku Africa, makamaka Idi Amin atawapatsa masiku 90 kuti achoke mu Uganda mu 1972. Mu 1970 anali atatsegula kachisi m'nyumba yakale ya mpingo ku Islington, mu 1982 anasamukira m'nyumba yomwe kale inali yosungiramo katundu ku Neasden, ndipo kachisi wamiyala amene anthu amamudziwa lero anatsegulidwa mu Ogasiti 1995. Ndiye kuti pamene nyumba yooneka yachilendo ikutuluka pamwamba pa mpanda, anthu ake amakhala atapemphera m'dera lomwelo kwa zaka makumi awiri kapena kuposa. Chatsopano ndi chakuti tsopano akuoneka.

Nyumba zongosinthidwa zija zili ndi mavuto amene munthu wongodutsa pamsewu sawaona. Tengani mzikiti. Munthu mmodzi poswali amafuna malo a masentimita pafupifupi 60 m'lifupi ndi 120 m'litali, choncho chipinda cha mamita 20 ndi 15 chimatenga mizere 12 ya anthu pafupifupi 33, onse pamodzi pafupifupi 400. Koma mizereyo iyenera kuyang'ana ku Makka, komwe kuchokera ku London ndi kummwera chakummawa. Fakitale inamangidwa moyang'ana msewu, ndiye kapeti amaiyala mopingasa, ngodya zinayi zimatayika, mizere imadukizidwa ndi zipilala, ndipo malo a amayi ndi amene amapanikizidwa poyamba, mwina m'chipinda chapansi chopanda mawindo. Malo ochitira udhu, kusamba kwa Asilamu asanaswali, amafuna pansi potsetsereka kulowera ku ngalande, matailosi mpaka m'mwamba ndi chotulutsa nthunzi. Akawaika m'chipinda chomwe chinali ofesi, madzi amalowa m'makoma a mabodi, nkhungu imamera, ndipo posachedwa matabwa a pansi amayamba kuola. Choopsa koposa ndi makomo. Nyumba imene inapangidwira antchito ochepa imakhala ndi khomo limodzi kapena awiri, pamene Lachisanu anthu mazana amafuna kutuluka nthawi imodzi, nsapato zili mbwee pakhomo pomwepo. Chipinda chosambitsira maliro, makalasi a madrasa ndi zimbudzi zokwanira zimasowa malo. Tsono aliyense wonena kuti obwera angopemphera mwakachetechete m'nyumba zimene anazipeza adziwe kuti akuwapempha kukhala m'nyumba zochepa chitetezo kuposa zimene akufuna kumanga.

Otsutsa oyamba, amene ndi ochuluka, amati mzinda uli ndi nkhope yake imene makolo anaisiya, ndipo kwa eni kulibe mkuwe. Mudzi wa ku Switzerland umadziwika ndi nsanja ya tchalitchi ndi madenga otsetsereka, ndiye wobwera alemekeze zimene wapeza. Maganizo amenewa ndimawalemekeza, chifukwa kusamala maonekedwe a malo ndi chinthu chabwino, ndipo mizinda imene sinasamale inadzaza ndi nyumba zosagwirizana. Komabe chida chotetezera maonekedwe chinalipo kale, chomwe ndi malamulo a mapulani onena za kutalika, mtundu wa zomangira ndi mtunda wochoka pamsewu. Malamulo amenewa amagwira aliyense. Nsanja imene inayambitsa mkangano ku Wangen bei Olten inali ya mamita 6, yoikidwa padenga la nyumba ya bungwe la anthu ochokera ku Turkey, ndipo nkhaniyo itafika ku khoti lalikulu la dzikolo, khoti linaloleza. Lamulo la 2009 silinena za mamita. Nyumba yamagalasi ya banki ikhoza kutalika mmene khonsolo yalolera, koma nsanja ya mzikiti ndi yoletsedwa ngakhale itakhala yaifupi kuposa mtengo wa magetsi. Apa mpamene zikuonekera kuti nkhani sinali maonekedwe a mudzi. Ku Cologne ku Germany anaikambirana nkhani ya kutalika mpaka anagwirizana: nsanja ziwiri za mzikiti waukulu ndi za mamita 55, pamene za tchalitchi chachikulu cha mzindawo ndi za mamita 157. Wojambula pulani yake, Paul Böhm, ndi wa m'banja lodziwika ndi kumanga matchalitchi a Katolika.

Kuwonjezera apo, tifunse kuti eni ndi ndani, nanga nkhope ya mzinda inaumbidwa liti. Asilamu ambiri a ku Switzerland anachokera ku Kosovo, Bosnia, Macedonia ndi Turkey, ena kudzagwira ntchito, ena kuthawa nkhondo za m'ma 1990, ndipo ana awo anabadwira komweko, amakhoma msonkho komweko, ambiri ndi nzika. Pa Brick Lane ku London pali nyumba imene Akhristu a Chipulotesitanti othawa ku France anaimanga mu 1743. Mu 1819 inakhala ya a Methodist, kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 inasanduka sunagoge wa Ayuda ochokera kummawa kwa Ulaya, ndipo kuyambira 1976 ndi mzikiti wa anthu ochokera ku Bangladesh. Gulu lililonse linafika lili lachilendo, ndipo lero nyumbayo ndi yotetezedwa ndi boma ngati chuma cha London. Kwathu nako n'chimodzimodzi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa wa ku Scotland, David Clement Scott, amene sanaphunzire zojambula mapulani, ndipo njerwa zake anaumba ndi kuotcha ndi anthu a m'deralo. Nsanja zake ndi denga lake lobulungira sizinkafanana ndi nyumba iliyonse ya Amang'anja kapena Ayao. N'zoona kuti amishoni anabwera ndi mphamvu zimene wothawa nkhondo alibe, ndipo kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Koma mfundo ya maonekedwe siisintha: palibe Mmalawi lero amene angati tchalitchicho chikuipitsa Blantyre.

Otsutsa achiwiri ndi anthu oyandikana ndi malowo, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka kuposa ena onse. Amaopa zimkuzamawu mbandakucha, galimoto zotseka zipata zawo Lachisanu masana kapena pa chikondwerero cha Diwali, ndi phokoso la maukwati usiku. Amenewa si atsankho, ndipo makomiti a zomanga amalakwa akamawatenga ngati adani. Koma taonani kuti madandaulo onsewa ali ndi muyeso. Mzinda wa Cologne utalola adhana, kuitanira anthu ku swala, pa chimkuzamawu mu 2021, unaika malire omveka: Lachisanu lokha, pakati pa 12 koloko ndi 3 koloko masana, kosapitirira mphindi zisanu, ndipo kwa mzikiti waukulu uja mawu asapitirire ma-decibel 60 pamene akufika kwa oyandikana nawo, komwe ndi kukweza kofanana ndi anthu akucheza. Za galimoto nazo zimawerengeka. Khonsolo ifunse chiwerengero cha anthu pa ola lodzaza kwambiri, osati cha tsiku wamba, ifunse kuti angati amabwera wapansi kapena pa basi, ilamule poimika galimoto pokwanira, ndipo pa masiku a zikondwerero pakhale pangano lolembedwa la kubwereka bwalo la sukulu yapafupi ndi anthu ovala zowala olondolera galimoto. Chimene chimalakwika nthawi zambiri ndi chakuti chiphaso chimaperekedwa potengera mpingo wa lero, pamene nyumba yatsopano imakoka anthu ochokera kutali, ndiye pakatha chaka misewu imadzaza. Mankhwala ake ndi kulemba m'chiphasomo chiwerengero chosayenera kupitirira ndi kuchiunikanso nyumba ikayamba kugwira ntchito. Kuchotsa nsanja padenga sikuchepetsa galimoto ngakhale imodzi. Ndipotu malamulo a phokosowa agwirenso belu la tchalitchi ndi zimkuzamawu za mapemphero a usiku wonse, zimene ife a m'matauni a kuno tikuzidziwa bwino.

Gulu lachitatu limati nsanja ndi chizindikiro cha ndale, ndipo ndalama zomangira zimachokera ku maboma akunja amene akufuna kulamulira anthu awo ali kutali. Chithunzi chokopera anthu pa riferendamu ya ku Switzerland chinajambula nsanja zakuda zonga mizinga zitabaya mbendera ya dzikolo. Chithunzicho chinali chabodza, koma nkhawa ya ndalama ili ndi maziko. Mzikiti wa ku Cologne ndi wa bungwe la DITIB, lomwe ndi lolumikizana ndi nthambi ya zachipembedzo ya boma la Turkey, ndipo mu Seputembala 2018 anautsegula ndi pulezidenti Recep Tayyip Erdoğan, meya wa mzindawo palibe. Anthu a ku Cologne amene anaikira kumbuyo ntchitoyo kwa zaka zambiri anakhumudwa, ndipo anali ndi chifukwa. Koma ngati vuto ndi ndalama, lamulo lilunjike pa ndalama: mabuku a bungwe aziunikidwa chaka ndi chaka, mphatso zazikulu zochokera kunja zizilengezedwa, atsogoleri azisankhidwa ndi opemphera a pamalopo, ndipo wolalikira chidani aziimbidwa mlandu monga wina aliyense. Dziko la Austria mu 2015 linaletsa kuti ntchito za tsiku ndi tsiku za mizikiti zizilipiridwa kuchokera kunja. Lamulolo lili ndi chilema choti linasankha chipembedzo chimodzi, komabe linakhudza chinthu chimene anthu ankadandaula nacho. Ndipo ganizirani izi: wolalikira zoopsa amakonda chipinda chobisika kuseri kwa garaja, kumene mtolankhani, mwana wa sukulu kapena wapolisi safikako. Nyumba yoonekera, yokhala ndi chikwangwani, komiti yodziwika ndi masiku olandira alendo, ndi yosavuta kuiyang'anira.

Ulaya anayesapo kale njira yobisa azipembedzo ochepa. Mu 1781 mfumu Joseph II ya ku Austria inalola Apulotesitanti kumanga nyumba zopempherera, koma zopanda nsanja, zopanda belu, ndiponso khomo lisayang'ane kumsewu. Ku Amsterdam kudakali tchalitchi cha Akatolika cha m'zaka za m'ma 1660 chimene chinabisidwa m'zipinda zapamwamba za nyumba ya wamalonda, poti panthawiyo sankaloledwa kupemphera poyera. Switzerland yomweyo inali ndi ndime yoletsa ansembe a Chijezuwiti m'malamulo ake mpaka 1973. Palibe amene amanyadira malamulo amenewa lero. Onse ankanena chinthu chimodzi kwa ochepawo, chakuti mukhoza kukhala nafe koma musaoneke. Ena amayankha kuti ku Saudi Arabia kulibe tchalitchi, ndiye bwanji ife tilole mizikiti. Zoti kulibe n'zoona ndipo n'zoipa, koma mmisiri wochokera ku Kosovo amene akukhala ku Winterthur sanalembe malamulo a ku Riyadh, ndipo dziko limene limalemekeza ufulu wa chipembedzo silingatengere chitsanzo kwa limene siliulemekeza.

Chitsutso chachinayi chimachokera mkati mwa obwera eniake, ndipo chimandigwira mtima kuposa zinazo. Amati Mulungu safuna miyala yosema. Mzikiti woyamba wa ku Madina unalibe nsanja, ndipo ndalama zothera pa denga lobulungira zikanalipirira ana sukulu kapena kuthandiza abale kumudzi. Pali choonadi apa, makamaka pamene komiti yangomata zokongoletsa zotchipa pofuna kuti nyumba ioneke yakwawo. Denga lobulungira la fibreglass loikidwa pamwamba pa denga lafulati limadontha polumikizira, chifukwa zinthu ziwirizi zimafutukuka mosiyana kukatentha ndi kukazizira. Matailosi ndi pulasitala zopangidwira dziko lotentha zimasweka ku Ulaya, poti madzi olowa m'ming'alu akaundana amakula ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 n'kukankha khoma. Ndalama zoterezi ndi zotayikadi. Koma yankho lake ndi kumanga mwaluso, ndipo Neasden ndi chitsanzo choyenera kuchiona pafupi. Kunja anagwiritsa ntchito matani 2,828 a mwala wa laimu wochokera ku Bulgaria, umene umapirira chisanu ndi mvula ya London, ndipo matani 2,000 a marble a ku Italy anawaika mkati momwe mvula siifika. Miyalayo inapita pa sitima ku India, amisiri oposa 1,500 anaisema, ndipo inabwerera ili zidutswa 26,300, chilichonse ndi nambala yake yosonyeza pokhala. M'makoma a kachisiyo mulibe zitsulo zogwira nyumba, motsata malamulo akale a kamangidwe ka Chihindu, ndipo chifukwa chake chimamveka ngakhale kwa injiniya: chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa n'kung'amba mwala. Kulemera konseko kunakhala pa maziko a konkire okhuthala mamita 1.8, matani 4,500, amene anathiridwa m'maola 24 osalekeza kuti pasakhale mzere wofooka pakati pa konkire youma ndi yaiwisi. Ntchito yambiri inagwiridwa ndi anthu odzipereka, ndipo ana ankatola zitini za zakumwa n'kugulitsa kuti ndalama zikwane.

Munthu amene anapukuta mwala wa nyumba imeneyi ndi manja ake, kapena amene anatola zitini ali mwana, sangaione ngati chokongoletsa chabe. Makolo ake analandidwa masitolo ndi nyumba mu Kampala m'miyezi itatu, ndipo kumanga ndi mwala wosema kunali kunena kuti pano sitichokanso. Komanso nyumba zoterezi sizikhala zopempherera zokha. Pafupi ndi kachisi wa ku Neasden pali holo yaikulu yamatabwa osema yochitiramo misonkhano ndi maphunziro. Kachisi aliyense wa Asikhi amakhala ndi khitchini yodyetsa aliyense wobwera kwaulere, posayang'ana chipembedzo. Mzikiti wa Nizamiye ku Midrand, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, umene wamalonda wa ku Turkey Ali Katırcıoğlu anaumanga motengera mzikiti wa Selimiye wa ku Edirne, ku Turkey, n'kutsegulidwa mu 2012, uli ndi sukulu ndi chipatala chaching'ono pabwalo lomwelo. Funso loti ndalama zingati zipite ku mwala ndipo zingati ku sukulu ndi lofunika, koma oyenera kuliyankha ndi osonkha ndalamawo pa msonkhano wawo. Si chifukwa choti boma liletsere.

Pomaliza pali amene amaopa kuti nyumba yooneka yakwawo imatsekera ana m'dziko la makolo, n'kuwalepheretsa kukhala nzika zenizeni za kumene anabadwira. Ife tili ndi mbiri yotithandiza kuyankha. Anthu a ku Nyasaland amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe) anapempha mbusa kuchokera kwawo, ndipo mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok anapita ku Salisbury (lero Harare). Mipingo imene inayamba motero ndi imene inadzakhala Sinodi ya Harare ya CCAP. Ayao nawo anamanga mizikiti yawo m'makomboni a migodi. M'nyumba zimenezi matchona ankaimba m'chinenero chawo, kuikana m'manda mwa mwambo wawo ndi kulandira wobwera kumene. Zidzukulu zawo lero zimayankhula Chishona ndi Chindebele ngati wina aliyense, ndipo chimene chinavutitsa ambiri a iwo kuti akhale nzika zonse ndi malamulo a unzika ndi mayina onyoza, osati tchalitchi cha agogo awo. Mwana amene amaona kuti kopemphera makolo ake ndi kuseri kwa fakitale, pamene anzake amalowa pakhomo lalikulu la pamsewu, amaphunzira msanga kuti iye ndi wachiwiri m'dzikolo, ndipo phunziro limenelo ndi limene limapatula anthu.

Chinanso chimene oopawa saona ndi chakuti mibadwo ikamasinthana, kamangidwe kamasintha kokha popanda woukakamiza. Mzikiti wa ku Cambridge umene unatsegulidwa mu 2019 pa Mill Road unajambulidwa ndi kampani ya Marks Barfield, yomwe inajambulanso London Eye, gudumu lalikulu loonerapo mzinda wa London. Ulibe nsanja. Denga lake lagwiridwa ndi zipilala zamatabwa zolukana m'mwamba ngati nthambi, njerwa zakunja ndi za mtundu wofanana ndi wa nyumba zakale za m'deralo koma zoyalidwa mopanga zilembo za Chiarabu, madzi a mvula amakololedwa kuti azigwira ntchito m'zimbudzi ndi m'dimba, ndipo galimoto zimaimikidwa pansi pa nyumbayo kuti zisatseke msewu. Umalandira anthu 1,000, ndipo mu 2021 unali m'gulu la nyumba zopikisana pa mphoto ya Stirling, yomwe ndi yaikulu pa zomangamanga ku Britain. Asilamu a ku Cambridge, ochokera m'mayiko ambiri, anamanga mzikiti wopanda nsanja. A ku Midrand anasankha nsanja zinayi. Magulu onse awiri anapereka mapulani ku khonsolo, anayankha mafunso a makomo, ngalande ndi galimoto, ndipo analandira chiphaso monga womanga wina aliyense.